Funsani Amakaniko: Mpando Wakana Kubwerera M'mbuyo, Wina Wasiya Kutentha

FUNSO: Amakaniko, galimoto yanga ili ndi mipando yoyendera magetsi. Sabata yatha akazi anga anasendezera mpando kutsogolo poyendetsa, ndipo wakanirira komweko. Ine ndine wamtali, maondo akugunda chiwongolero. Batani lotsamiritsa msana likugwira bwinobwino, koma lobwezera m'mbuyo ayi. Mnzanga akuti ndigule mota yatsopano. Ndigule?
Bambo wina wowerenga

YANKHO: Bambo, ndalamazo zikhale kaye m'thumba. M'kalata yanu mwandipatsa kale theka la yankho. Ngati msana wa mpando ukutsamira, ndiye kuti magetsi akufika pampandopo, fyuzi ndi yamoyo, ndipo waya wa ethi uli bwino. Pansi pa mpando wotere pamakhala mamota angapo, iliyonse ndi ntchito yake: ina yoyendetsa kutsogolo ndi m'mbuyo, ina yokweza ndi kutsitsa, ina yotsamiritsa. Vuto lanu lili panjira ya mota imodzi yokha.

Chida choyamba ndi khutu lanu. Zimitsani injini ndi wailesi, yatsani kanyali ka kudenga, kenako dinani batanilo mukumvetsera. Mukamva mota ikulira koma mpando osasuntha, motayo ndi yamoyo. Chadyeka ndi giya kapena kachingwe kachitsulo kamene kamatenga mphamvu kuchoka ku mota kupita kunjanji za mpando. Kachingweka kakadyeka mbali imodzi, mpando umayenda mopendekeka kenako n'kuima. Mukamva kuti "ke" kamodzi, kanyali kaja n'kuzilala pang'ono, ndiye kuti mota ikukoka magetsi koma china chake chaitsekereza. Tengani tochi muunike m'njanji zonse ziwiri. Ine ndinatulutsamo kale ndalama yachitsulo, cholembera, ngakhale chitsekerero cha botolo. Mwini wake wa galimoto ina anabwera atagula kale mota, ili m'bokosi, pomwe cholakwa chinali kandalama kamodzi kopanikizika pakati pa mano a njanji. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa anali atavutikira ndalama imeneyo.

Koma kukangoti zii, kanyali osasintha, magetsi sakufika ku mota kapena motayo yafadi. Apa pakufunika multimeter, mita yoyezera magetsi. Zulani pulagi ya mota imeneyo, ikani nsonga ziwiri za mita pamawaya awiri akuluakulu ochokera ku switchi, wina akudinireni batani. Mota izi zimasintha kolowera chifukwa switchi imatembenuza polowera magetsi, choncho mukadina batani mbali imodzi muone ma volt pafupifupi 12, mbali inayo 12 yemweyo koma ali ndi kamzere kutsogolo. Nambala ikabwera mbali imodzi yokha, cholakwa ndi switchi, ndipo nthawi zambiri ndi fumbi kapena chakumwa chimene chinatayikiramo. Ikabwera mbali zonse ziwiri koma mota osatembenuka, pamenepo ndi pomwe mnzanu uja angakhale kuti akunena zoona. Ine ndikukayikira kwambiri switchi, pokhapokha mutandiuza kuti kutsogolo nako sukupita.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse. Pansi pa mpando mukaona pulagi yachikasu, musaizule ndipo musailowetse nsonga za mita. Imeneyo ndi ya airbag, thumba limene limafufuma pangozi poteteza munthu, ndipo kamagetsi kochepa kamene mita imatulutsa poyeza waya kangathe kuiphulitsa nkhope yanu ili pomwepo. Ngati ntchito ifika poti mumasule mpando wonse, yambani mwazimitsa galimoto, mwachotsa waya wa negetivu pabatire, n'kudikira mphindi zimene buku la galimoto yanu likunena. Ine ndimadikira mphindi 10.

FUNSO: Mpando wanga wa dalaivala unkatentha bwino m'mamawa, ndipo unkandithandiza msana. Tsopano ndikadina batani kanyali kamayaka, pakangopita kanthawi n'kuzima kokha, mpando uli zii. Wa mbali inayo ukutentha. Chavuta n'chiyani?
Mayi wina wowerenga

YANKHO: Mayi, pepani ndi msanawo. Kanyali koyaka n'kuzima kokha ndi chizindikiro chodziwika. Pagalimoto zambiri pali kabokosi koyang'anira kutentha kwa mpando. Mukadina batani kamatumiza magetsi, ndipo kakaona kuti sakuzungulira bwino kamadzizimitsa.

Mkati mwa mpando, pakati pa siponji ndi nsalu kapena chikopa chimene mumakhalira, muli kansalu kopyapyala kosokereredwa waya woonda wokhotakhota. Magetsi akamadutsa m'wayamo umatentha, ngati mmene zimakhalira m'bulangeti la magetsi. Kansalu kena kali pokhalira, kena kumsana, ndipo pamitundu yambiri tiwiriti tinalumikizidwa motsatizana, moti waya ukaduka pamalo amodzi mbali zonse ziwiri zimazizira. Umaduka kawirikawiri kumpando wa dalaivala, m'mphepete mwa kuchitseko, pomwe thupi limatsamira tsiku ndi tsiku pokwera ndi potsika. China chimene chimaupha msanga ndi kugwada pampando potenga katundu kumbuyo, chifukwa bondo limaunjika kulemera konse pamalo aang'ono.

Musathamangire kusenda mpando. Yambani mwaliza injini, chifukwa galimoto zina sizilola mipando kutentha injini isanalire kapena batire likafooka. Batire labwino limaonetsa pafupifupi ma volt 12.6 galimoto itazima, ndipo injini ikamalira nambala imakwera kufika cha m'ma 14. Kenako onani fyuzi. Galimoto zina zili ndi fyuzi imodzi ya mipando yonse, zina uliwonse ndi yake, ndiye kutentha kwa mpando winawo sikutsimikizira kanthu mpaka mutaona chithunzi cha pachivindikiro cha bokosi la mafyuzi. Mukatero suzumirani pansi pa mpando. Mabotolo, maambulera ndi mapazi a okhala kumbuyo zimakankha mapulagi mpaka kukhwefuka. Pulagi yoda ngati yapsa, yosungunuka pakona, kapena yobiriwira ndi dzimbiri, ndiyo muyambe nayo.

Zonsezi zikakhala bwino, amakaniko azule pulagi ya kansalu kaja n'kuyeza ndi mita ma ohm, muyeso wa mmene waya ukukanizira magetsi, galimoto itazima. Waya wamoyo umaonetsa nambala yaing'ono, ma ohm ochepa chabe. Woduka mita imalemba OL. Mwayi wanu ndi wakuti muli ndi mpando wina wabwino: ayeze umenewo n'kufananiza, m'malo mongoganizira. Poyeza, khalanipo ndi kudzisuntha, popeza waya wina umagundana pampando popanda munthu n'kulekana akakhalapo. Ayezenso thermistor, kachipangizo kakang'ono kouza bokosi lija mmene mpando watenthera, chifukwa nako kakafa zizindikiro zimafanana.

Ena amalumikiza waya wodukawo ndi mtovu. Ine sindikonda. Polumikiza pamauma, pamadukanso, ndipo pakalumikizidwa mosasamala pamatentha kuposa pena ponse mpaka kuboola nsalu. Kansalu katsopano ndiko kabwino. Ngati ntchito yomweyo idzachitike pampando wa wokwera, akumbuke kuti m'siponji mwake nthawi zambiri mumakhalanso sensa youza airbag ngati pali munthu, ndipo asaipinde kapena kuisuntha.

Mwatchula msana, ndiye ndiwonjeze ichi. Munthu amene khungu lake silimva bwino kutentha, monga ena odwala shuga kapena opuwala miyendo, angapse osazindikira. Mpando ukakonzedwa, musausiye pamlingo wapamwamba ulendo wonse, ndipo mukamva fungo lopserera kapena pamalo amodzi pakuotcha, zimitsani pomwepo.

FUNSO: Fyuzi ya mpando yapsa katatu mwezi uno. Wina wandiuza kuti ndiike yaikulu, kapena ndingokulungapo kawaya. Kodi n'zoopsa?
Mnyamata wowerenga

YANKHO: Achimwene, n'zoopsa kwambiri, ndipo musayese. Fyuzi inaikidwa kuti ipse iyo waya asanapse. Mukaika ya ma amp 30 pomwe panali ya 20, kapena kawaya, chotsatira kupsa ndi mawaya odutsa pansi pa kapeti, pafupi ndi siponji ya mpando umene mwakhalira. Bwezerani ya nambala yomweyo. Mitundu imathandiza: yofiira ndi 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30.

Tsopano fufuzani nthawi imene ikupsera. Ikangopsa mutangoiika, waya wina wasupuka ndipo ukukhudza chitsulo nthawi zonse. Ikamapsa mpando ukafika pamalo ena, mtolo wa mawaya ukupanikizidwa ndi njanji pamalo amenewo. Uyendetseni pang'onopang'ono mukuunika ndi tochi, mudzaona pamene pulasitiki yanyuka. Ikamapsa pokhapokha mota ikulimbana ndi katundu, tsukani njanji, pakani girisi pang'ono, ndipo chala chizichoka pabatani mpando ukangofika kumapeto. Dziwaninso kuti galimoto zina m'malo mwa fyuzi zili ndi circuit breaker imene imadzidula ikatentha n'kubwerera yokha ikazizira, moti mpando womwalira n'kudzuka pakapita mphindi zingapo uli ndi matenda omwewa. Mundilemberenso mundiuze kuti mwa zitatuzi yanu ikupsa nthawi iti.