Ku Johannesburg anabatiza mwana mosavuta, nanga kuno akufuniranji kalata ya kumphakati?

Mayi wina wa kuno ku Zomba watilembera imelo. Akuti mchemwali wawo anabatizitsa mwana ku Johannesburg popanda zovuta, pamene iwo kuparishi awauza kuti abweretse kalata ya kumphakati ndi khadi la mtulo (chopereka cha mkhristu ku mpingo), ndipo awakumbutsa kuti ukwati wawo sunadalitsidwe. Akufunsa kuti, kodi Mpingo wa Katolika si umodzi?

Mayi, Mpingo ndi umodzi, koma malamulo ake sachokera pamalo amodzi. Alipo a dziko lonse lapansi, olembedwa m'buku la Canon Law lomwe Papa John Paul II anakhazikitsa mu 1983. Bukulo limasiyira maepiskopi a dziko lililonse nkhani zina, monga zaka zolandirira Ulimbitso ndi masiku oyera amene angasamutsidwire Lamulungu. Kenako episkopi aliyense amaika malangizo a dayosizi yake, ndipo ku Malawi madayosizi alipo 8. Musadabwe za ku Zomba zikasiyana ndi za ku Mangochi, chonsecho ndi apaneba.

Pa ubatizo wa khanda, lamulo 868 la m'buku la Canon Law lija limafuna zinthu ziwiri: kholo limodzi livomere, ndipo pakhale chiyembekezo chenicheni kuti mwanayo adzaleredwa m'Chikatolika. Chiyembekezocho chikasowa, ubatizo umachedwetsedwa ndipo makolo amauzidwa chifukwa chake. Kalata ya kumphakati ikulowera pamenepa. Bambo mfumu wa parishi ya nthambi zambiri sangadziwe banja lililonse, ndiye amadalira amphakati kuti akuchitireni umboni. Izi n'zomveka ndithu.

Pamene pamalakwika ndi pa ndalama. Lamulo 848 likuti wosauka asamanidwe sakramenti chifukwa cha umphawi. Mtulo ndi udindo wa mkhristu, koma khadi lake si mtengo wa ubatizo. Ukwati wosadalitsanso, lamulo 868 siliutchula ngati chotchinga mwana, ngakhale ansembe amauganizira poyeza chiyembekezo chija.

Yambirani kwa wapampando wa mphakati wanu. Ngati mwangosamukira kuno, tengani kalata yochokera kuparishi yanu yakale. Mayi kapena bambo wa ubatizo akhale Mkatolika wa zaka 16 kapena kuposerapo, wolimbitsidwa, wolandira Ukaristia. Ambiri amagwa pamenepa posankha mnzawo wa mpingo wina, yemwe angakhale mboni chabe. Zikakanikabe kwa akatekisiti, pemphani kuonana ndi bambo mfumu eniake, muwafunse mwaulemu ngati chikukutchinganicho ndi lamulo la dayosizi kapena chizolowezi cha paparishi. Chikakhala cha dayosizi, angachimasule ndi a ku ofesi ya episkopi.