Kwa asisi a ku Chitakale amene tchuthi cha uchembere chikuwathera

Asisi funso lanu ndaliwerenga usiku ana atagona, nde ndati ndiyankhe bwinobwino osati kungoponya ka "limbani mtima" ngati mmene achitira ambiri m'mwambamu. Mwati tchuthi chikutha mwezi wamawa khanda lisanakwane miyezi itatu, wamkulu ali ndi zaka 3, mumakhala ku Chitakale ntchito mumagwira pa boma la Mulanje, bambo a ana ali ku Limbe amabwera Loweruka lokha, nde mukuti kodi enanu mumakwanitsa bwanji. Ine ndili kuno ku Thyolo, ndine kalaliki pa esiteti ina ya tiyi, ana ndili nawo atatu. Kukwanitsa sindinganame kuti ndimakwanitsa kkkk, masiku ena ndimafika ku ofesi bulauzi ili ndi phala paphewa, koma zimene ndinaphunzira ndi misozi ndikuuzani.

Tiyambe ndi za lamulo poti ambiri sitizidziwa ndipo mabwana ena amasangalala kuti sitidziwa. Lamulo la ntchito limapereka sabata zosachepera 8 za uchembere, salale yonse osadula, kamodzi pa zaka zitatu. Anzathu a m'boma amapuma miyezi itatu. Mu 2021 analikonzanso lamulolo, anawonjezera kuti mayi woyamwitsa azipatsidwa mphindi 30 kawiri pa tsiku kuti akayamwitse mpaka mwana atakwana miyezi 6, komanso bambo ali ndi sabata ziwiri zake mwana akabadwa. Inuyo muli ndi mwayi chifukwa Chitakale ndi pa boma ndi pafupi, mukalumikiza mphindi zimenezo ndi lanchi kabaza akuthamangitsani mukayamwitsa n'kubwerera. Kakambiraneni ndi abwana tchuthi chisanathe, mwaulemu koma musapite ngati mukukapempha chifundo. Akakanitsitsa ofesi ya a leba ilipo pa boma pomwepo.

Koma nkhani yeniyeni si abwana ayi. Nkhani ndi yoti mwana mumusiya m'manja mwa ndani, ndipo tsiku limene munthu ameneyo sabwera mumusiya m'manja mwa ndani winanso. Aliyense amakuuzani kuti pezani mtsikana wantchito, palibe amakuuzani kuti mtsikana mmodzi sakwana.

Ine zinandichitikira mwana wanga wachiwiri ali ndi miyezi 5. Inali Januwale, mvula ili pakati, tiyi waphuka minda yonse ili biriwiri, nthawi imeneyo othyola amachuluka ndipo kumapeto kwa mwezi ife a mu ofesi sitiona dzuwa, makilo a munthu aliyense awerengedwe malipiro atuluke pa tsiku lake. Mtsikana wanga Lachisanu anati kwawo cha ku Thekerani kwagwa maliro a amalume ake, ndinamupatsa thiransipoti ndi kachipepeso, anati Lamulungu madzulo ndabwera. Lamulungu kunada. Lolemba hafu faifi ndili chilili pakhonde nditavala kale, mwana kumsana, foni yake ikungoti siikupezeka, mvula ikuwaza, wamkulu uja akukoka chitenje akufuna tiyi. Sanabwerenso mpaka lero, ndinadzangomva kuti anakwatiwa. Tsiku limenelo ndinapita naye mwana ku ofesi, ndinamuyalira chitenje mu katoni ya mapepala pansi pa desiki, abwana atalowa sanalankhule kanthu anangoyang'ana katoniyo kenako n'kundiyang'ana ine, kuyang'ana kumene kuja kumaposa kukalipa.

Anandipulumutsa mawa lake ndi agogo ena a paneba amene amakazinga zitumbuwa, munthu amene zaka ziwiri ndinkangomupatsa moni wa pamsewu ndikuthamanga. Anati bweretsa kuno mwanayo, iwe pita. Anamusunga sabata zitatu. Kuyambira pamenepo ndinasintha. Salale ikatuluka paketi ya shuga ndi sopo ndimayamba ndapereka kwa agogo aja olo mwezi umenewo asanandigwirire mwana ngakhale tsiku limodzi, akadwala ndimakawaona, kukagwa zovuta kumtundu kwawo ndimapezekako olo ola limodzi. Si kugula munthu ayi, kungoti sungakhale wodutsa chaka chonse n'kudzagogoda tsiku la mavuto lokha. Nde inuyo sabata zatsalazi musangokhala m'nyumba ndi khanda, tulukani naye, khalani pamkeka ndi amayi a pamzere wanu, muona nokha amene ali ndi mtima ndi amene ali ndi pakamwa pokha.

Za mtsikanayo, chonde musakatenge kamwana ka zaka 12 kumudzi kuti ndi kotchipa. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma olo lamulo likanapanda, mwana sangalere mwana mnzake, khanda likatsamwa iye ayamba kulira m'malo mothamanga. Pezani wamkulu, bola amene anaberekapo. Ndipo mukamupeza mumusunge. Ndiwo zimene mukudya inu adye zomwezo, tsiku la malipiro likhale tsiku la malipiro osati "dikira kaye zinthu zavuta", Lamulungu apume apite kutchalitchi. Pali amayi ena amakhoma shuga mu kabati n'kupita ndi kiyi kuntchito koma mwana wawo amusiya osakhoma, ine zimenezo sindimazimvetsa. Mugulireni kafoni ka mabatani muziikamo mayunitsi, ndipo nambala ya wa kabaza mmodzi wokhulupirika ikhalemo, mwana akatentha thupi asadikire inu, akwere apite kuchipatala mukakumana komweko. Kuno malungo sachedwa kugwetsa mwana.

Mkaka. Apa pali nkhondo ndi akuluakulu konzekani. Kuchipatala amati kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, osapatsa madzi osapatsa phala, koma amayi anga atabwera kudzandithandiza tsiku lachiwiri lomwe ndinapeza akonza kaphala kamadzimadzi ati mwana akulira ndi njala, bere lokha si chakudya. Enanso adzakuuzani kuti mukachoka tsiku lonse mkaka umasasa m'bere musamuyamwitse mwana, limenelo ndi bodza, mkaka wa m'bere suwonongeka. Ine ndinkafinya mmamawa mu kapu yovindikira yoti ndaitsuka ndi madzi owira, n'kuiika pamalo pozizira kuseri kwa mtsuko, mwana amwe cha m'ma 9 koloko, masana ndabwera ndekha. Filiji ngati muli nayo ndi bwino koma musaidalire kwambiri, magetsi athuwa mukuwadziwa. Pofunditsa asaike pamoto, angomiza kapuyo m'madzi ofunda. Ndipo kumwetsa ndi kakapu kapena sipuni kuli bwino kuposa botolo, botolo kutsuka kwake n'kovuta ndipo mtsikana akalitsuka mwaulesi mwana ayamba kutsekula. Masiku oyamba mudzafinya n'kutuluka tochepa zedi musataye mtima, imwani thobwa, idyani, umabwera. Kuntchito mutengeko kansalu koika mu bra, chifukwa ikamakwana 11 bere limakumbuka lokha mwana, ine linanditayikira pamaso pa anthu ali pamzere wa malipiro.

Mmawa sipachitika chilichonse chanzeru, zonse zichitike usiku. Madzi atungidwe, makala akhale pafupi ndi mbaula, ufa wa phala la wamkulu usakanizidwe kale ndi nsinjiro, zovala zanu zisitidwe magetsi akadalipo, nsapato zake zonse ziwiri zipezeke usikuwo chifukwa imodzi imakhala ili kunja nthawi zonse. Nyemba kapena nandolo ndimaphika mphika waukulu Lamulungu. Kukolopa tsiku ndi tsiku ndinasiya kalekale, apongozi akabwera ayang'ana pansi ayang'ane.

Ndiye pali chiperoni. Anthu a ku Lilongwe mu gulu lino sangamvetse. Juni ndi Julayi kumatha masiku anayi dzuwa osalionako, nkhungu yatsika mpaka phiri lonse labisika, kamvula kowaza kosatha, matewera ali pachingwe akungodontha. Ndinkamanga chingwe m'nyumba n'kuika mbaula pansi pake, koma mbaula musagone nayo m'nyumba yotseka, utsi wa makala umapha mwakachetechete, anthu amangopezeka mmawa. Gulani matewera ansalu ochuluka panopa, mapampasi muzisungira usiku ndi tsiku la sikelo, mukati muziwagwiritsa ntchito tsiku lonse salale ithera mmenemo.

Sikelo musaiphonye chifukwa cha ntchito. Katemera wa sabata 6, 10 ndi 14, kenako wa chikuku pa miyezi 9, madeti ali mu kabuku, alembeni pa kalendala ya ku ofesi abwana adziwiretu. Kukayeza kulemera kokha mtsikana angathe kupita naye koma la jakisoni pitani nokha, usiku wake mwana amavuta.

Wamkulu uja musamuiwale. Wanga mng'ono wake atabadwa anayambiranso kukodza pogona, munthu woti anasiya kale, ndinkamukalipira kenako ndinazindikira kuti akungofuna ndimuone. Mpezereni sukulu ya mkombaphala yapafupi kuti mmawa mtsikana azitsala ndi khanda lokha, ndipo mukafika madzulo yambani mwamunyamula iyeyo olo mphindi zisanu musanatenge wamng'ono. Ndimagula nthochi ziwiri panjira kapena kachidutswa ka nanazi, chikwama changa amachidziwa.

Tsopano abambo. Loweruka akatsika minibasi asabwere ngati mlendo wodzalandira madzi osamba ndi nkhuku. Ana ndi akenso. Anga poyamba ankafika n'kuvula nsapato, kenako ati ndikaonereko mpira kwa anzanga, ine ndili ndi phiri la zochapa ndi tulo ta masiku asanu. Tsiku lina sindinakangane nawo, ndinangowaika mwana pamiyendo, wina ndinamuuza kuti sewera ndi adadi, ndinalowa kuchipinda ndinakhoma. Ndinagona maola atatu. Nditatuluka ndinapeza tewera lavalidwa chammbali, wamkulu wadya shuga ndi sipuni, koma onse ali moyo. Panopa Loweruka masana ndi anga ndipo amadziwa. Za ndalamanso mugwirizane poyera kuti ya mtsikana ndi ya mkombaphala akutumiza ndani, pa Mpamba kaya Airtel Money, deti yake iti, osati inu muzingokongola ku banki m'khonde iwo akuganiza kuti zinthu zili bho.

Chinanso, mtsikanayo asayambe tsiku limene inu mukuyamba ntchito. Ayambe kutatsala sabata ziwiri, inu muzichoka dala, mupite olo pamsika pa Chitakale pomwepo mukazungulire maola awiri osaimba foni, mwana azolowere kapu ndi msana wa munthu wina inu muli pafupi. Mukabwerera musafunse zambiri, ingogwirani tewera muone ngati lili louma, muyang'ane kapu ngati yatsukidwa, ndipo muone ngati wamkulu uja akumuthamangira mtsikanayo kapena akumuthawa.