Yankho pa funso la sola, mita ya ESCOM ndi mabatire

Mayi, mwafunsa kuti mukaika sola panyumba panu pa Dedza boma, pomwe muli kale ndi mita ya ESCOM, kodi azikulipiritsani ndalama ina yapadera monga mwawerengera pa intaneti, komanso kuti mugule batire yanji. Ine ndili kuno ku Ntcheu ndipo sola ndakhala nayo zaka zitatu.

Zomwe mwawerengazo n'zoona, koma ndi za ku America. Ku California anthu amagulitsa magetsi otsala a sola ku kampani, ndipo mu Epulo 2023 mtengo wowagulira unadulidwa pafupifupi magawo atatu mwa anayi kwa oika sola atsopano. Makampani amadandaula kuti wa sola amagula magetsi ochepa pomwe mawaya ndi mapolo akufunikabe chisamaliro. Mtengo utadulidwa choncho, anthu kumeneko anathamangira mabatire, kuti magetsi a masana azidzisungira okha.

Ine kuno ndimangogula mayunitsi monga kale, ndipo sindinalipirepo kalikonse chifukwa cha mapanelo ali padenga. Chimene chinandidyera ndalama ndi china, ndipo apa mumvetsetse bwino. Mnyamata amene anandiikira sanatchere inveta (chipangizo chosintha magetsi a sola kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba) kuti isamabweze magetsi ku mawaya a kunja. Mamita ena olipiriratu sasiyanitsa magetsi olowa ndi otuluka, amangowerenga onse ngati mwagwiritsa ntchito. Ndiye masana dzuwa likuswa mtengo, m'nyumba muli filiji yokha, mayunitsi akungotha. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndalama ya sola ndinachita kukongola ku banki m'khonde. Katswiri wina atabwera anangotchera inveta pa zero export, kutanthauza kuti isamatulutse magetsi panja, vuto n'kutheratu. Choncho wodzakuikirani akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo mumuuze akuonetseni ndi maso kuti magetsi anu sakutuluka panja. Si nkhani ya ndalama yokha ayi. Magetsi akathima, pamakhala anthu akukonza mawaya, ndipo inveta yolumikizidwa mwachisawawa ikhoza kupha mwana wa eni ali papolo.

Tsopano za batire, pomwe ambiri timapunthwa. Batire ya gel kapena ya asidi yolembedwa 12V 200Ah imasunga mayunitsi 2.4, koma oyenera kutapa ndi theka lokha, mayunitsi 1.2. Mukamaikhetsa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, mudzagula ina posachedwa. Ya lithium, mtundu wa LiFePO4, mumatapa magawo 80 mpaka 90 pa 100 alionse, imadzaza msanga, ndipo imapirira kudzazidwa kokwana masauzande angapo. Mtengo wake umaopsa pogula, sindikana. Koma ine ndinayamba ndi za gel ziwiri, zitafooka n'kudzagulabe lithium, ndiye kuti ndinalipira kawiri. Ngati thumba likulola, yambirani pa lithium, ingakhale yaing'ono. Batire ya galimoto musayese n'komwe, sinapangidwire ntchito imeneyi.

Kuzizira kwa Dedza kumakomera batire, chifukwa chimene chimaikalambitsa msanga ndi kutentha. Mdani wanu ndi chiperoni cha Juni ndi Julayi, pamene phiri limabisala m'nkhungu masiku awiri atatu osaona dzuwa. Pachifukwa chimenechi mita ya ESCOM musaichotse, kuti inveta izitha kudzaza batire ndi magetsi a kunja masiku oterowo. Mapanelo ayang'ane kumpoto, ndipo ndi bwino kuonjezera panelo imodzi kusiyana n'kuunjika mabatire omwe sadzadzaza. Ngakhale ku Golomoti, m'boma lanu lomwelo, komwe kampani ya JCM Power inatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a 20 MW mu 2022, anaika ndi mabatire a 5 MW pofuna kuti magetsi asamagwe mtambo ukadutsa. Panyumba nzeru yake ndi yomweyo.

Simbi, ketulo ndi hotipuleti ndiye zimapha batire. Ketulo imodzi imakoka mawati pafupifupi 2000, pomwe babu ya LED imakoka 7 kapena 9. Kusita muzisita masana dzuwa lili pamutu, usiku batire izingonyamula mababu, wailesi ya kanema, filiji ndi kutchaja mafoni. Kwathu timachita choncho, ndipo ana amawerenga mpaka kugona ngakhale dera lonse lili mumdima.

Musanapite kukagula chilichonse, yendani m'nyumba ndi pepala, mulembe chipangizo chilichonse, mawati olembedwa kumbuyo kwake, ndi maola amene chimayaka usiku. Mukatero mudzaziike pomwe pano, tikuwerengereni kukula kwa batire ndi inveta, kuti wogulitsa asakupatseni zimene zangotsala m'sitolo mwake.