Nyumba yakale ya ku Rhodes Park, ndigule kapena ndiisiye?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chipata amene pano ndi nesi ku Manchester. Akuti alamu awo awatumizira zithunzi pa WhatsApp za nyumba yakale ku Rhodes Park mu Lusaka, ija ya khonde lalikulu, pansi pa timatabwa, jakaranda pabwalo, ndiye ajenti akuwakakamiza kuti atumize dipoziti mwezi usanathe ati anthu ambiri akuilimbirana. Funso lawo ndi lakuti, agule imeneyi kapena angogula puloti ku Chalala, mu Lusaka momwemo, amange yawo?

Amayi, poyamba musatumize olo ngwee imodzi. Nyumbazo nanenso ndimazikonda, sindinama, ndikamadutsa kumeneko mwezi wa October jakaranda atayala maluwa pamsewu mtima umachita kulakalaka. Derali ndi la Lusaka uja amene azungu anamanga likulu litasamuka ku Livingstone mu 1935, mayadi akuluakulu, mitengo, kanyumba ka wantchito kuseri. Koma chimene mukugula inu si jakaranda ayi, mukugula pepala.

Kuno ku Zambia malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti, ife timangopatsidwa lisi, kapena kuti pangano lobwereka malowo, nthawi zambiri ya zaka 99. Mu 1975 boma la a Kaunda linathetsa zokhala ndi malo mpaka muyaya, ma taito otero anasanduka lisi ya zaka 100. Ndiye funso loyamba kwa ajentiyo likhale lakuti lisi inayamba chaka chanji, zatsala zaka zingati, chifukwa mukadzafuna ngongole a banki adzayang'ana pomwepo. Pezani loya wanuwanu, osati amene wogulitsa wakusankhirani, apite ku Ministry of Lands akafufuze kuti dzina lili pa taito ndi la ndani, nyumbayo sinapinyolitsidwe ku banki, palibe wina anaikapo chiletso. Pakufunikanso chilolezo cha Commissioner of Lands kuti dzina lisinthe. Msonkho wosinthira umwini wa ku ZRA, bungwe la boma lotolera misonkho, umene unakwera kufika 8% mu 2025, amalipira ndi wogulitsa, asakupusitseni kuti ndi wanu. Aonenso ngongole za ma reti ku kanselo, za madzi ndi lendi ya nthaka.

Koma pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna ndi apa. Nyumba zakalezi eni ake enieni ambiri anatisiya, amene akugulitsa ndi ana kapena adzukulu. Amalume anga zinawaonekera, analipira theka kwa mwana woyamba wa malemu, munthu waulemu wake, wa tayi, anawalandira ndi tiyi pakhonde lomwelo, kenaka patapita miyezi iwiri kunatulukira mlongo wake amene amakhala ku Kitwe ati ine sindinasaine kalikonse, nyumba ya bambo anga sigulitsidwa. Ndalama zija zinabwerera pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wa m'komboni, zina mpaka lero. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 limanena kuti woyang'anira chuma cha munthu amene sanasiye wilo sangagulitse nyumba popanda chilolezo cha khoti. Pepala la khotilo mulione ndi maso anu, osati kungomva zoti "banja lonse lagwirizana".

Za mbiri yakale musade nazo nkhawa kwambiri. Lamulo la National Heritage Conservation Commission limateteza zomangidwa chisanafike chaka cha 1924 ndi zina zimene boma lazilengeza, monga Chilenje House 394 mmene munkakhala a Kaunda. Nyumba zambiri za ku Rhodes Park zinabwera pambuyo pake, komabe loya afunse musanayambe kugumula zipupa.

Nyumba yeniyeniyo tsopano. Zipupa zimakhala zolimba ndithu, vuto limabisala kudenga ndi pansi. Munthu akwere musiling'i ndi tochi, abaye mitanda ndi sikuludiraiva, ngati ikulowa ngati mu mbatata yophika dziwani kuti chiswe chinadya kalekale. Denga likakhala la asibesitosi musalole aliyense kulidula kapena kuliboola chisawawa, fumbi lake limawononga mapapo. Mawaya akale, mapaipi achitsulo adzimbiri, mizu ya jakaranda yomweyo imene yalowa mu sepitiki tanki, zonsezi ndi ndalama, kuwonjezapo sola ndi tanki ya madzi poti mdima wa kuzimazima kwa magetsi wa 2024 tonse sitinauiwale.

China chimene zithunzi sizikuonetsani, Rhodes Park wa lero theka ndi maofesi, ma kiliniki ndi malo odyera. Mtengo wakwera chifukwa cha yadi, osati nyumba, amene mukulimbirana nawo akufuna kugwetsa amange mafulati. Ngati cholinga ndi kuchititsa lendi kwa kampani, pamenepo pali nzeru, bola mupeze chilolezo cha kanselo chosinthira ntchito ya malowo. Ngati mukufuna pokapumira mukadzabwerako ku UK, ine ndikanakhala inu ndikanayang'ananso ku Woodlands kapena Roma ndisanaganize za Chalala.

Alamu anuwo auzeni apiteko kawiri, kamodzi 7 koloko m'mawa aone magalimoto, kenaka tsiku limene mvula yagwa yamphamvu, aime pabalaza ayang'ane kumwamba. Akajambula madontho a pasiling'i munditumizirenso.