Zingwe ziwiri sizikumveka pa sipika, ndigule pickup ina?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina amene amaimba gitala mu praise team ya pa tchalitchi pawo. Ndaidula pang'ono koma nkhani yake ndi iyi: "Achimwene, ndinagula gitala ya electro-acoustic kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Zingwe zinali m'mwamba kwambiri mpaka zala kumapweteka, nde mnzanga anazula kafupa koyera ka pa bridge kaja n'kukapala pa simenti kuti zingwe zitsike. Zatsikadi, koma pano ndikalumikiza ku mikisa zingwe ziwiri zing'onozing'ono, B ndi E, sizikumveka pomwe za bass zikuchita kugunda m'chifuwa. Komanso imakuwa ndikayandikira sipika, batire nalo silichedwa kutha. Ndigule pickup ina? Kapena ndimange truss rod monga ena akundiuzira?"

Achimwene, ndalama yanuyo isungeni kaye m'thumba, ndipo Allen key yo ikani pansi. Mmene mwafotokozeramu pickup yanu, kachipangizo kotola mawu a zingwe n'kuwatumiza ku sipika, ndikuiona kuti ili bhobho, chavuta ndi simenti ija.

Magitala ambiri a mtundu umenewu, makamaka otsika mtengowa, pickup yake ndi ya piezo, kachitsulo kapena kalamba kopyapyala kogonekedwa mu kangalande ka mu bridge (kathabwa ka pamimba pa gitala pamene zingwe zimathera), pansi penipeni pa saddle, kafupa kamene mnzanu anapala kaja. Piezo simva mawu ngati maikolofoni ayi, imamva kupsinjika. Chingwe chikanjenjemera chimakanikiza saddle, saddle n'kukanikiza piezo, piyezoyo n'kutulutsa timagetsi tochepa kwambiri timene preamp ya m'mbali mwa gitala ija imakuza. Nzeru yake ndi yakale, anaitulukira Pierre Curie ndi m'bale wake Jacques mu 1880, ndipo amene anaitchukitsa pa magitala ndi a Ovation m'zaka za m'ma 1970, a Takamine n'kutsatira. Nde taonani, ngati pickup imangomva pamene yapsinjika, ndiye kuti kunsi kwa saddle kukuyenera kukhala kosalala mofanana kuyambira uku mpaka uko. Munthu akapala pa simenti atagwira ndi zala, dzanja limapendekera, mbali ina imadyeka kwambiri kapena kunsiko kumakhala ngati kamimba. Zili ngati poto pa mafuwa, fuwa limodzi likafupika kulemera konse kumapita kwa enawo. Zingwe zanu za bass zakhala pa pickup ndi mphamvu zonse, B ndi E zikulendewera m'malere. Mukaimba osalumikiza simungazindikire kwenikweni poti thabwa likulirabe, koma sipika sinama.

Mutha kutsimikiza nokha musanamasule kanthu. Lumikizani, voliyumu ikhale pansi, tengani pensulo muzigogoda pang'onopang'ono pamwamba pa saddle pafupi ndi chingwe chilichonse. Kugogodako kumveke mofanana pa sipika. Ngati ku bass kukuti gu gu koma ku B ndi E kuli zii, kenako mukakanikiza saddle ndi chala mbali imeneyo mawu n'kubwerera, basi mlandu watha.

Koma musathamangire kupalanso, chifukwa ntchito yochuna gitala ili ndi ndondomeko yake ndipo saddle siyoyamba. Yambani ndi zingwe zatsopano, za saizi imene mudzagwiritse ntchito masiku onse. Ambiri amaika za 12 mpaka 53 (manambala a kunenepa kwa chingwe chaching'ono ndi chachikulu), zimenezo zikachunidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yopitirira makilogalamu 70, nde ngati zala zikudandaula tsikirani ku za 11, kusiyana kwake mukumva tsiku lomwelo. Za 10 ine sindizikonda pa gitala ya piezo yakunsi kwa saddle, zimapsinja mofooka, mawu amapyapyala. Poika onetsetsani kuti kamutu kachitsulo ka kumapeto kwa chingwe kakodwa pa thabwa la mkati, osati kulendewera ku nsonga ya pin, kamsomali kotsekera chingwe mu bridge, apo ayi muzimva kunjenjemera kosadziwika kochokera ndipo pin izidzuka yokha.

Mukachuna, onani khosi. Apa mpamene pali nkhani ya truss rod, chitsulo chachitali chobisika mkati mwa khosi, ndipo amene akukuuzani kuti mumange kuti zingwe zitsike akukusokeretsani pang'ono. Chitsulo chimene chija ntchito yake ndi imodzi, kuwongola kapena kulola khosi kupindika pang'ono, sikuti ndi chotsitsira zingwe. Zimatsikadi nthawi zina ngati khosi linapindika mopitirira, koma zimenezo n'zongotsatira. Poyeza ikani capo, kachipangizo kopanira zingwe zonse pamodzi, pa fret yoyamba (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi), dinani chingwe chachikulu cha E pa fret ya 14 pamene khosi limakumana ndi thupi, kenako suzumirani mpata wa pakati pa chingwe ndi mutu wa fret ya 7. Pakuyenera kukhala kampata kochepetsetsa, cha m'ma 0.2 mpaka 0.3 mm. Amakaniko ali ndi feeler gauge yoyezera mapulagi ndi mavavu, bwerekani imeneyo, kapena dulani kachidutswa ka chingwe chakale cha E yaing'ono ya saizi 10, kunenepa kwake ndi 0.25 mm, kazilowa mongokhudza. Khadi la ku banki ayi, ndi lonenepa katatu. Mpata ukakhala waukulu mangani, kuzungulira mmene imayendera wotchi, ukakhala kuti palibiretu chingwe chagona pa fret masulani. Koma pang'ono pang'ono chonde, kota ya kuzungulira kamodzi kapena theka la kotayo, chunaninso zingwe, isiyeni ipume, yezaninso. Allen key ikhale yolowa ndendende, ambiri ndi 4 kapena 5 mm, yogwedera imadya mutu wa nati ndipo ikatero mwalowa m'mavuto a ndalama zenizeni. Ikalimba osafuna kuyenda osaikakamiza, truss rod yothyoka pa gitala yotsika mtengo ndiye kuti gitalayo yatha basi.

Ku nut, kafupa kena ka kumutu kaja, ndingodutsako mwachangu. Dinani chingwe pa fret ya 3, pamwamba pa fret yoyamba patsale kampata kongokwana pepala. Pakakhala mpata waukulu nchifukwa chake F ya bar imakuvutani ndipo ma chord oyambirira amamveka okwera olo tuner ikuti zonse zili bwino. Timipata ta nut timafuna tupa wakewake, ndi mpeni kapena sowo mungoononga, pamenepo pezani munthu amene ali ndi zida.

Tsopano saddle. Yezani kaye pa fret ya 12, kuchokera pamutu pa fret kufika kunsi kwa chingwe, osadina paliponse. Kwa woimba wamba 2.5 mm ku E yaikulu ndi 2 mm ku E yaing'ono ndi poyambira pabwino, woimba mokwapula ngati mmene zimakhalira makolasi akafika pachimake asatsike kuposa pamenepo, zingwe zizingokhula ma fret. Samu yake ndi yosavuta: fret ya 12 ili pakatikati pa chingwe, nde kuti itsike ndi 0.5 mm mukuyenera kuchotsa 1 mm ku saddle. Masulani zingwe, capo ikhale pa khosi kuti zisabalalike, zulani ma pin, ndipo musanatulutse saddle lembani kachizindikiro ndi pensulo mbali ya bass, chifukwa pamwamba pake anapasema mwadala, makamaka pa chingwe cha B, kuti gitala isamaphonye mawu mukakwera kumtunda kwa khosi, mukaibweza chotembenuza mudzadabwa. Imikani kunsi kwake pa rula yachitsulo muyang'anitse kowala. Kuwala kukamadutsa pena pake, vuto lanu ndi limenelo.

Pokonza pezani galasi lathyathyathya, matani sandipepa wa 220 pamwamba pake, detsani kunsi konse kwa saddle ndi pensulo, ndiye muzipala mutaitsamiritsa ku kathabwa ka sikweya kuti iime chilili isapendekere kutsogolo kapena kumbuyo. Kokerani mbali imodzi, osafulumira, kumayang'ana pafupipafupi. Pensulo ikafufutika paliponse nthawi imodzi, mwafika, lekani. Pamwamba osapakhudza. Mu kangalande muja uzirani fumbi lichoke, kanyenyeswa kamodzi kokha kamatha kuzimitsa chingwe, koma pickup yo osaipinda, osaikoka, osaikanda ndi sikuludiraiva, chikopa chake chonyezimira chija chikang'ambika imayamba kung'ung'udza. Saddle ilowe ndi chala mosavuta koma isagwedere. Ikathina imakakamira m'mbali osafika pansi, ikakhwepa imagwadira kutsogolo, zonsezi zimabweretsa matenda omwewa a zingwe zosafanana mphamvu.

Chimene ndikuopa kwa inu nchakuti mwina mnzanu uja anadya kale fupa lambiri. Onani mmene B ndi E zikutsikira kuchoka pa saddle kupita ku ma pin. Zikuyenera kupindika mooneka, zikamadutsa chogona ngati sizikukhudza ndiye kuti sizikupsinja, olo kunsi kusalale bwanji. Zikatero gulani saddle ina, ya fupa kapena ya Tusq (fupa lochita kupanga), tengani yakaleyo mukayerekeze kutalika ndi kunenepa, muyambirenso bwinobwino. Zoika kachidutswa ka bokosi la machesi kapena pepala lopinda pansi pake kuti ikwere, pa gitala yopanda magetsi anthu amapulumuka nazo, koma apa mwaika chofewa pakati pa chingwe ndi khutu la gitala, mawu ake amakhala ofooka osakoma. Ndipo ngati saddle yatsala pang'ono kumira mu bridge koma zingwe zikadali m'mwamba, vuto lili kwina. Gonekani rula yaitali pa ma fret iloze ku bridge, nsonga yake ifike pamwamba pa thabwa la bridge, ikamagunda m'munsi ndiye kuti khosi linagwada kapena mimba ya gitala inatupa. Yesaninso kulowetsa pepala kuseri kwa bridge, likalowa ndiye kuti ikumatuka. Zimenezi si za Allen key kapena sandipepa.

Nyengo nayonso musaiiwale. Opanga magitala monga a Taylor amati chinyezi choyenera ndi 45 mpaka 55 peresenti, pomwe kwathu kuno January ndi October ndi maiko awiri osiyana. Dzinja thabwa limamwa chinyezi, limatupa, zingwe zimakwera, chilimwe limauma zingwe n'kutsika, nsonga za ma fret kuyamba kukanda zala. Mukapala saddle mpaka pansi mu February, pofika October izingolira zrrr. Siyaniko kampata. Ndipo kuisiya m'galimoto padzuwa kapena m'kachipinda ka malata kosungira zida sabata yonse, guluu amafewa.

Za batire nzosavuta. Jack ya gitala ndi switch yomwe, kebulo ikangolowa preamp yayaka, kaya mukuimba kaya muli pa ulaliki wa maola awiri. Ambiri amasiya kebulo ili chilowere kuyambira pa prakatisi Loweruka mpaka Lamulungu madzulo kenako n'kumati gitala imadya batire. Zulani mukamaliza, mutatsitsa kaye channel yanu pa mikisa kuti masipika asaphulike. Gulani 9V ya alkaline, zotchipa zija sizikhalitsa, ndipo ina izikhala m'chikwama. Ma Yamaha ena amagwiritsa ma AA awiri, onani yanu. Batire likamatha mawu amayamba kusweka mukakwapula mwamphamvu, anthu amathamangira kunena kuti pickup yapsa pomwe ayi.

Kukuwa kuja nako si kuonongeka. Gitala ndi bokosi lopangidwa kuti lizinjenjemera, sipika ikaliomba limanjenjemera, pickup imamva, mawu amabwereranso ku sipika, kumangozungulira. Kawirikawiri kumayambira cha m'ma 100 Hz, pafupi ndi G ya pa fret ya 3 ya chingwe chachikulu imene ili 98 Hz, nchifukwa chake chord ya G ndi imene imadzutsa chilombocho. Ngati preamp yanu ili ndi batani la phase, lidineni pamene kukuwa kukuyamba, nthawi zambiri kumazima pompo, mukasuntha malo oima mungafunike kulidinanso. Ngati pali notch, kabatani kozungulitsa kochepetsa liwu lokhalo limene likukuwa, lolani kulira kuyambe pang'ono, zungulitsani pang'onopang'ono mpaka kuzime, isiyeni pomwepo. Kachivindikiro karabala kotseka bowo la gitala kamathandiza kwambiri pa siteji ya ng'oma ndi keyboard, ndipo musaime gitala itayang'anizana ndi monitor, sipika yoyang'ana kwa oimba ija. Ma slider a bass, mid ndi treble yambani onse ali pakati, voliyumu ya pa gitala cha m'ma kota zitatu, gain akweze wa pa mikisa. Ndimaona anyamata akukankha ma slider onse mpaka kumwamba eti kuti imveke, aaa, pamenepo mukuitana kukuwa nokha. Chepetsani bass ikamagunda, chepetsani mid pang'ono ngati ikumveka ngati pulasitiki, kuchotsa kumakonza zambiri kuposa kuonjezera.

Mikisa ikakhala kutali, kupitirira mamita 5 kapena 6, pemphani DI box, kabokosi kolumikizira gitala ku kebulo ya maikolofoni (XLR), kebulo yaifupi kuchoka ku gitala kenako XLR ulendo wonsewo, kung'ung'udza kumachepa. Anzanga a ma pickup opanda batire monga K&K Pure Mini, amene amamatidwa mkati kunsi kwa bridge, inu musalowe molunjika pa line ya mikisa, imafuna polowera pa 1 megaohm, polembedwa Hi-Z kapena preamp yakunja, apo ayi bass yonse imathawa. Jack ya kumbuyo ikagwedera osangoipotokola ndi dzanja, mukupota mawaya a mkati mpaka adzaduka, igwireni isazungulire ndiye mumange nati yokha.

Mukachita zonsezi, saddle yosalala, yokhala bwino, zingwe zikupsinja, koma B ndi E zikadali chete, apo ndiye tinganene kuti kalamba ka piezo kanavulala pozula paja. Olo pamenepo simukufunika sisitimu yonse. Pa ma preamp ambiri otsika mtengo kalambako kamangolowa ndi kapulagi ka 2.5 mm mkati mwa gitala, lowetsani dzanja pa bowo zingwe zili zomasula mukakhudza. Kazuleni, yezani m'lifupi ndi m'litali mwa kangalande ka bridge, mugule kofanana nako.