Mafunso Anu: Kodi tizilombo ta malungo tinazolowera Chloroquine?

FUNSO: Ndili mwana, tikadwala malungo ankatimwetsa Chloroquine, wowawa uja, ndipo tinkachira. Kenako kunabwera Fansidar, lero tikumwa LA. Amayi anga amati tizilombo tinangowazolowera mankhwala akalewo monga mmene chidakwa chimazolowerera kachasu. Kodi zimenezi ndi zoona? — Wowerenga wa ku Nkhotakota

YANKHO: Amayi anu anaona bwino kuti mankhwala anasiya kugwira ntchito, koma mawu akuti kuzolowera akubisa chimene chinachitikadi. Palibe kachilombo ngakhale kamodzi kamene kanaphunzira kupirira mankhwala. M'magazi a munthu wodwala malungo mumakhala tizilombo mamiliyoni ambirimbiri, ndipo ngakhale timaoneka tofanana, mwa apo ndi apo pamabadwa kena kamene majini ake (malangizo a chibadwa amene chamoyo chimatengera kwa makolo ake) asintha pang'ono mwangozi. Kusintha kwambiri kotere kulibe phindu, kwina kumapha kachilomboko, koma kunachitika kuti kusintha kwina kunapatsa tizilombo tina mphamvu yotulutsa Chloroquine m'malo amene mankhwalawo amagwiriramo ntchito. Wodwala akamwa mankhwala, tizilombo tonse tinkafa kupatula timeneti, udzudzu n'kutitenga kupita nato kwa munthu wina, ndipo ana a tizilomboti ankabadwa ndi mphamvu yomweyo.

Taganizani za mlimi amene pokolola amapatula chimanga chachikulu, chokhwima bwino, n'kuchipachika kudenga la khitchini kuti utsi uchiteteze kwa anankafumbwe, chidzakhale mbewu chaka chamawa. Chimangacho sichinayesetse kukula kuti chisankhidwe. Mlimi ndiye wasankha, ndipo munda wa mawa udzafanana ndi chimene anasankhacho. Pa nkhani ya malungo, wosankha anali mankhwalawo. Izi ndi zimene Charles Darwin anafotokoza m'buku lake la mu 1859, mfundo imene Alfred Russel Wallace anaipezanso payekha: zamoyo zimabadwa zosiyana, ndipo zimene chibadwa chake chikugwirizana ndi malo ndi nyengo ndizo zimasiya ana ambiri.

Tizilombo tosamva Chloroquine tinayamba kuoneka ku Southeast Asia ndi ku South America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo tinafika kum'mawa kwa Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya Chloroquine n'kuyamba Fansidar monga mankhwala oyamba a malungo, ndipo mu 2007 Fansidar nayenso anapereka malo kwa LA.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi chimene chinatsatira. Mphamvu yokana Chloroquine ili ndi mtengo wake, chifukwa pamene mankhwalawo palibe, kachilombo kokhala nayo sikachulukana msanga poyerekeza ndi kachilombo wamba. Chloroquine atachotsedwa m'zipatala, tizilombo wamba tija tinayambanso kuchuluka mpaka kuphimba tinzake. Kafukufuku amene anachitika kwa ana ku Blantyre mu 2005 anapeza kuti Chloroquine anachiritsa ana pafupifupi 99 pa 100 alionse, pamene Fansidar anachiritsa pafupifupi 21 okha. Chikanakhala chizolowezi chabe, sitikanaona kubwerera kotereku patangopita zaka 12. Koma musathamangire kukagula Chloroquine mutawerenga izi, popeza akayambanso kumwedwa mwachisawawa, tizilombo tosamva tija tingabwerere mosavuta. Kayezetseni magazi, ndipo akakupatsani LA mumalize kumwa masiku onse atatu ngakhale thupi litapepuka pa tsiku lachiwiri, chifukwa tizilombo totsala mukalekera panjira ndi tija tolimba.

FUNSO: Aphunzitsi athu anati anthu tinachokera kwa anyani. Nanga bwanji anyani alipobe ndipo akutithera chimanga m'munda? — Wophunzira wa Fomu 3, Ntcheu

YANKHO: Mwina aphunzitsi anafupikitsa nkhani, kapena inu munaimva mwachidule. Asayansi sanena kuti nyani wa m'phiri la kwanuko ndi agogo anu. Amanena kuti anthu ndi anyani a lero ali ngati nthambi za mtengo umodzi, zochokera kwa kholo limodzi limene linatha kalekale, monga mmene inu ndi msuweni wanu mulili ndi agogo amodzi popanda wina kubala mnzake. Wachibale wathu wapafupi kwambiri ndi chimpanzi, amene sapezeka m'nkhalango za ku Malawi, ndipo mzere wake unasiyana ndi wathu zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo. Umboni wina unafukulidwa kwathu konkuno: mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, kunapezeka chibwano cha mtundu wakale wa munthu wotchedwa Homo rudolfensis, chimene chili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Sukulu yanu ikadzakonza ulendo wopita kumpoto, pemphani kuti mukaime ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, kumene nkhani ya chibwanochi imafotokozedwa.