Kwa achemwali amene akufuna kuyambiranso kujambula nkhope ndi pensulo

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwati munasiya kujambula mutangolemba mayeso a Fomu 4, pano ana akula, mukufuna kuyambiranso, ndipo mtima wanu uli pa nkhope za anthu zooneka ngati zenizeni. Mwafunsa za mapensulo, za maphunziro a pa intaneti ndi za kugulitsa. Zakugulitsazo ndi zamaphunzirozo ayankhe ena. Ine ndinena za pensulo, pepala ndi khungu lathu lakudali, chifukwa apo ndi pamene zinandipweteketsa mtima.

Amene akuuzani kuti mugule bokosi la mapensulo 24, chonde musafulumire. Ambiri mwa mapensulo amenewo adzangogona m'bokosimo. Anayi akukwanirani: 2H, HB, 2B ndi 6B. Olembedwa H ndi olimba, amalemba motuwa. Olembedwa B ndi ofewa, ndipo nambala ikamakwera akudanso kwambiri; HB ali pakati. Mukapeza a Staedtler Mars Lumograph kapena Faber-Castell 9000, tengani amenewo, mugule imodziimodzi. Pensulo imodzi yabwino mtengo wake umaposa buledi, koma imatha miyezi. Mlamu wanga anandibweretsera kabokosi ka mapensulo 12 kuchokera ku Johannesburg pa mtengo wa cha m'ma R300, mpaka lero theka sindinawasongole. Aja osalembedwa dzina ogulitsidwa m'mapaketi, mtima wake umakhala ndi timiyala tokanda pepala, ndipo mzere wokandikawo sufufutika.

Tsopano mumve zomwe zinandichitikira. Mayi anga aang'ono atamwalira, abale anandipempha kuti ndiwajambule, chithunzicho chikakhale pabalaza. Chomwe ndinali nacho choonera chinali chithunzi cha pa ukwati, chojambulidwa usiku ndi fulashi, chitadutsanso m'magulu a WhatsApp kangapo. Ndinatenga pepala la fotokope, ndinagwira 6B, n'kumasindikiza mwamphamvu kuti khungu lide ngati mmene analili iwo, kenako n'kumasisita ndi chala kuti lisalale. Masabata atatu ndili pa tebulo usiku uliwonse. Tsiku lomwe tinachipachika, dzuwa litalowa pawindo, masaya ndi mphumi zinangoti phuliphuli ngati chivundikiro cha poto. Mwana wawo anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu kuti chikufanana koma si amayi ake. Zinandiwawa chifukwa ankanena zoona. Ndinawonjezanso kulakwa pochipopera mankhwala olimbitsa tsitsi aja kuti chisafufutike. Dzinja litadutsa, pepala linakwinyika, ndipo pang'ono ndi pang'ono linayamba chikasu.

Cholakwa chachikulu chinali chithunzi choonera chija. Fulashi imamenya nkhope kuchokera kutsogolo, imachotsa mithunzi yonse ya pambali pa mphuno, pansi pa mlomo ndi m'maso, ndipo mithunzi imeneyo ndi yomwe imapanga munthu kukhala iyeyo. Ngati palibe mithunzi choonera, mudzayamba kuipeka m'mutu, ndipo mudzajambula munthu wina. Choncho mukhazikeni munthu pakhonde kapena pafupi ndi windo m'mawa, kuwala kuchokere mbali imodzi, mumujambule ndi foni popanda fulashi. Musinthe chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera chokha. Wina akamakutumizirani pa WhatsApp, muuzeni atumize ngati dokumenti, chifukwa njira ya masiku onse ija imachepetsa chithunzi, timizere ta m'zikope timasowa. Munthu akakupatsani chithunzi chosaoneka bwino, kanani, ngakhale atakhala m'bale.

Za khungu. Ambiri ophunzitsa pa YouTube amajambula azungu, pepala loyera limawagwirira theka la ntchito. Kwa ife sizili choncho. Khungu lakuda silida chifukwa chosindikiza pensulo. Mukasindikiza, mumaphwanya timabowo ta pepala, zakuda za pensulo zimasalala n'kuyamba kunyezimira, ndipo pamenepo simungawonjezenso kanthu. Yambani ndi 2H mopepuka ngati mukuopa kudzutsa mwana, muphimbe nkhope yonse kupatula malo owala. Bwerezani ndi HB, mizere ipingase yoyambayo. Kenako 2B pomwe pali mthunzi. Mungadutse kasanu kapena kupitirira pa tsaya limodzi. N'zochedwa, koma khungu limatuluka lofewa, lamoyo. Ndipo muyang'ane bwino nkhope ya munthu wakuda padzuwa la m'mawa: pamphumi, pamsana pa mphuno, pamwamba pa tsaya ndi pamlomo wam'munsi pamawala kwambiri, ndipo pansi pa chibwano pamabwerera kuwala kochepa kochokera pa chovala. Mukataya malo owalawo, nkhope imakhala yafulati ngati thabwa. Onani ntchito za akatswiri ojambula nkhope, Kelvin Okafor wa ku London ndi Arinze Stanley wa ku Nigeria, mukulitse chithunzi pa foni, muone mmene amasiyira kuwala pa khungu.

Pomwe pakufunika kuda kwenikweni, monga mkati mwa diso, m'mphuno ndi m'tsitsi, gwiritsani pensulo ya makala kapena Mars Lumograph black, sizinyezimira kwambiri. Koma makala ayambe kukhala pa pepala. Mukawaika pamwamba pa pensulo wamba amaterereka, sagwira.

Chala ayi. Chili ndi mafuta, ndipo mafutawo amasiya banga lomwe labala sachotsa. Sisitani ndi tishu, thonje la m'makutu, kapena pindani kapepala mwamphamvu kakhale kosongoka. Pansi pa dzanja lomwe mukujambulira ikanipo pepala lina loyera, makamaka mu Okutobala pamene thukuta likuchita kutsika m'manja.

Pepala la fotokope ndi la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala), n'labwino poyeserera basi. La ntchito yeniyeni funsani m'mashopu a mabuku ndi zolembera pepala lojambulira lokhuthala, la 160 gsm kupita m'mwamba, kapena pepala lolimba losalala lotchedwa Bristol ngati lilipo. Apa ndiye pamene ndalama yanu ipite, osati pa bokosi la mapensulo lija.

Wina wanena kuti kugwiritsa timabokosi, kutanthauza mizere yopingasana yogawa chithunzi m'tizigawo tofanana, ndi kubera. Ine sindikugwirizana naye. Kwa munthu amene watha zaka zambiri osagwira pensulo, kulemba timabokosi pa chithunzi choonera ndi pa pepala lanu kumathandiza diso kudzukanso. Mizereyo ikhale ya 2H, yopepuka zedi, kuti ifufutike. Kungoti musakhale pamenepo mpaka kalekale. Phunziraninso kuyeza ndi maso: maso amakhala chapakatikati pa mutu kuchokera paliwombo kufika pachibwano, osati kumwamba kumene tonse timawaika, ndipo mpata wa pakati pa maso awiri ndi pafupifupi diso limodzi. Zimenezi n'zoyambira chabe, munthu aliyense amasiyana nazo pang'ono, ndipo kusiyanako ndi komwe mukufuna kugwira. Musanayambe kudetsa, onetsani chojambulacho pagalasi. Diso lopendekeka kapena mphuno yokhota zimaonekera pompo.

Zinthu ziwiri zimene zimagwetsa pafupifupi aliyense: choyera cha m'diso si choyera, chili ndi mthunzi wa chikope pamwamba pake, ndipo mano salembedwa limodzilimodzi ndi mzere wakuda. Mukatero munthu amaoneka woopsa. Pachiyambi pano sankhani nkhope yotseka pakamwa. Musayambenso ndi khanda kapena malemu amene mumawakonda. Yambani ndi agogo a makwinya ndi duku lawo, chifukwa makwinya amakupatsani pogwira, ndipo mukalakwitsa pang'ono mtima suswekeratu.

Labala wofewa wa ojambula, woumbika ngati dongo, akasowa, Prestik yomatira mapepala pakhoma imagwira ntchito yomweyo. Iumbeni ikhale yosongoka, muzidinda pang'onopang'ono pomwe mukufuna kuwale, osakhula. Posongola gwiritsani lezala, chifukwa 6B imathyokera m'chosongolera cha ana asukulu. Mukamaliza, chiikeni mu felemu ya galasi, kutali ndi khoma lachinyezi, ndipo mankhwala atsitsi aja asayandikire.

Mukajambula diso limodzi lokha sabata ino, liikeni muno pamodzi ndi chithunzi chomwe mukuonera, ndidzakuonetsani pomwe mthunzi ukusowa.